Utsi wa Magalimoto ndi Malamulo Ouyesera

Anthu ambiri amene amabwera kuchipatala ndi chifuwa amadziwa kale kuti utsi wa nkhuni ndi utsi wa fodya zimawononga mapapo. Koma ulipo utsi wina umene ukunka nuchuluka m'misewu, m'madepoti ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu. Umenewu ndi utsi wa magalimoto. Mayi wogulitsa tomato pamsewu amaupuma, mwana amene wam'bereka kumbuyo amaupumanso, chimodzimodzinso wokwera matola ndi mnyamata wa kabaza amene akutsatira lole pa chitunda.

Kuipa kwa utsi umenewu kumayambira kutali. Kumayambira ku mafakitale a ku Japan, ku Ulaya ndi kwina kumene magalimoto amapangidwa, ndiponso m'malamulo amene maiko amapangana mu mzinda wa Geneva ku Switzerland. Phunziro lino likufotokoza m'mene galimoto imayesedwera isanagulitsidwe, chifukwa chake malamulo oyeserawo amasinthidwa kawirikawiri, ndi gawo la ntchito limene limatsalira mwini galimoto.

Zimene zili mu utsi

Injini imapeza mphamvu potentha petulo kapena dizilo, ndipo zotsalira zake zimatulukira ku ekizozi. Mwa zotsalirazo, zitatu ndizo zimadetsa nkhawa kwambiri a zaumoyo.

Choyamba ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka ndiponso sununkha. Ukalowa m'thupi umakangamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya mpweya wabwino nthawi zopitirira 200, kotero kuti magazi amalephera kunyamula mpweya umene thupi lifuna. Munthu amamva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo m'malo otsekeka angathe kukomoka ndi kufa.

Chachiwiri ndi mipweya yotchedwa nitrogen oxides. Imeneyi imapangika pamene m'kati mwa injini mwatentha kwambiri, makamaka mu injini za dizilo. Imatupitsa njira za mpweya m'chifuwa, ndipo imavutitsa koposa ana ndi anthu odwala mphumu.

Chachitatu ndi timwaye ting'onoting'ono. Tina mwa ito ndi tochepa pafupifupi nthawi 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Chifukwa cha kuchepa kwake, mphuno siitha kutitchinga. Timafika pansi penipeni pa mapapo, ndipo timathandiza kuyambitsa matenda a mtima, a mapapo ndi a kufa ziwalo.

M'mwezi wa Juni chaka cha 2012, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, imene ili ku Lyon m'dziko la France, inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Bungwe la World Health Organization lomwelo linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 4.2 miliyoni pa dziko lonse anafa msanga chifukwa cha mpweya woipa wa panja. Chiwerengerochi chikuphatikiza utsi wa mafakitale, wa moto wa m'tchire ndi wina wotero, koma utsi wa magalimoto uli m'gulu lomwelo.

Chilolezo cha mtundu wa galimoto

Fakitale imodzi imatulutsa magalimoto zikwizikwi ofanana. Palibe boma limene lingathe kuyesa bwinobwino iliyonse payokha. Tsono maiko anakonza njira iyi: kampani ikapanga mtundu watsopano wa galimoto, imapereka imodzi kwa akatswiri ovomerezeka ndi boma. Iwo amaiyesa, ndipo ikakhoza, boma limapereka chilolezo cha mtundu wonsewo. Kampani imalonjeza kuti magalimoto onse otsatira adzakhala ofanana ndi yoyesedwayo, ndipo boma lili ndi mphamvu yotapako ena pa fakitale ndi kuwayesanso. Zikufanana ndi wogula chimanga amene amabaya thumba natapako pang'ono kuti adziwe za thumba lonse.

Poyesa utsi, galimoto siipita pamsewu. Imaikidwa m'chipinda, matayala ake atakhala pa zitsulo zonga migolo zimene zimazungulira. Dalaivala amayang'ana chithunzi chimene chimamuuza nthawi yothamanga, yochepetsa liwiro ndi yoima. Utsi wotuluka umakokedwa ndi mipope nusungidwa m'matumba, ndipo makina amawerengera kuchuluka kwa choipa chilichonse pa kilomita imodzi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti magalimoto onse amayenda ulendo wofanana, motero nkosavuta kuwayerekeza.

Pangano la ku Geneva

Kale dziko lililonse linali ndi mayeso akeake, ndipo galimoto yovomerezedwa ku France inkayenera kuyesedwanso ku Germany. Pofuna kuthetsa vutoli, maiko ena a ku Ulaya anachita pangano ku Geneva m'chaka cha 1958, pansi pa bungwe la United Nations. Mfundo yake ndi yakuti maiko amene avomera lamulo limodzi azilemekeza chilolezo choperekedwa ndi anzawo pa lamulolo. Pambuyo pake maiko a kunja kwa Ulaya analoledwa kulowamo. Japan inalowa m'chaka cha 1998, ndipo South Africa inalowa m'chaka cha 2001.

Chizindikiro cha panganoli chimaoneka ngakhale kumudzi. Pa galasi kapena pa nyali ya magalimoto ambiri pamakhala kachilembo ka E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira. Nambalayo imasonyeza dziko limene linapereka chilolezo cha chipangizocho: E1 ndi Germany, E2 ndi France, E11 ndi Britain, E43 ndi Japan, ndipo E47 ndi South Africa.

Malamulo a pansi pa panganoli amadziwika ndi manambala. Loyamba lokhudza utsi wa magalimoto ang'onoang'ono a petulo linali la nambala 15, la m'chaka cha 1970. Pambuyo pake linalowedwa m'malo ndi la nambala 83. Injini za malole ndi mabasi zili ndi lawolawo, la nambala 49. Dziko la United States silinalowe m'pangano la 1958, pakuti lili ndi njira yakeyake yovomerezera magalimoto. Pa chifukwa ichi, m'chaka cha 1998 kunapangidwa pangano lachiwiri limene linasonkhanitsa United States, Japan, maiko a ku Ulaya, ndipo kenaka China, India ndi ena, kuti azigwirizana pa njira zoyesera.

M'mene lamulo limasinthidwira

Nthumwi za maboma zimakumana ku Geneva katatu pa chaka, m'miyezi ya Malichi, Juni ndi Novembala, pa bwalo lodziwika ndi dzina lakuti WP.29. Nthumwi za makampani ndi za mabungwe oteteza ogula ndi chilengedwe zimaloledwa kulankhulapo, koma ovota ndi maboma okha. Pansi pa bwaloli pali komiti ya akatswiri a za utsi ndi mafuta. Dziko likaona kuti lamulo lakalamba kapena lili ndi mpata wozembera, limalemba maganizo ake ndi kuwapereka ku komitiyi. Akatswiri amakambirana, nthawi zina kwa zaka zingapo, kufikira atagwirizana pa mau ndi pa manambala.

Kuyambira m'chaka cha 2017, pamene panganolo linakonzedwanso kachitatu, kusintha kulikonse kumafuna kuti maiko 4 mwa 5 alionse ovota akuvomereze. Kenaka kumatumizidwa ku maiko onse otsata lamulolo, ndipo kumayamba kugwira ntchito pakapita miyezi 6, pokhapokha ngati okana atapitirira gawo limodzi mwa magawo 5. Kusintha kwakukulu kumapatsidwa nambala yake, ndipo makampani amapatsidwa nthawi yokonzekera. Mitundu yatsopano ndiyo imayamba kutsata lamulo latsopano, ndipo mitundu yakale imene ikupangidwabe imatsatira pambuyo pake. Magalimoto amene anagulitsidwa kale sakhudzidwa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira, monga zionekera kutsogoloku.

Zipatso za kusinthaku zimaoneka pa miyezo ya ku Ulaya yotchedwa Euro, imene lamulo la nambala 83 lakhala likuyendera nayo limodzi. Mwachitsanzo, galimoto yaing'ono ya dizilo inkaloledwa kutulutsa mamiligalamu 500 a nitrogen oxides pa kilomita pansi pa Euro 3 ya m'chaka cha 2000. Euro 4 ya 2005 inatsitsa malirewo kufika pa 250, Euro 5 ya 2009 pa 180, ndipo Euro 6 ya 2014 pa 80. Malire a mwaye anatsika kuchoka pa mamiligalamu 50 pansi pa Euro 3 kufika pa 5 pansi pa Euro 5.

Kufooka kwa mayeso akale

Pa pepala zinthu zinkayenda bwino. Koma oyesa mpweya m'mizinda ya ku Ulaya anaona kuti mipweya ya nitrogen oxides m'mbali mwa misewu sinali kutsika monga momwe malamulo analonjezera. Chifukwa china chinali ulendo woyesera uja. Ulendowo, wotchedwa NEDC, unali wa mphindi 20 ndi makilomita 11 okha, ndipo chigawo chake cha m'tauni chinakonzedwa cha m'ma 1970. Unali ulendo wofatsa: kunyamuka pang'onopang'ono, kuima kawirikawiri, popanda chitunda ndi popanda katundu wolemera. Palibe dalaivala amene amayendetsa chotero pamsewu. Popeza makampani ankaudziwa ulendowo kuyambira poyamba mpaka pothera, ankakonza injini zawo kuti zizikhoza bwino pa ulendo umenewo, monga mwana wa sukulu amene waloweza mayankho a mafunso amene akudziwa kuti abwera.

Nkhani ya Volkswagen

M'chaka cha 2014 ofufuza a pa West Virginia University ku United States anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo anamangirira makina oyesera utsi pa magalimoto 3 a dizilo ndi kuwayendetsa m'misewu yeniyeni. Awiri mwa magalimotowo, opangidwa ndi kampani ya Volkswagen ya ku Germany, anatulutsa nitrogen oxides wochuluka kutalitali kuposa amene anaoneka m'chipinda choyesera.

Pa 18 Seputembala 2015 nthambi ya boma la United States yoteteza chilengedwe inalengeza kuti kampaniyo inaika m'kompyuta ya injini malangizo achinyengo. Kompyutayo inkazindikira kuti galimoto ili pa mayeso, ndipo pamenepo zipangizo zoyeretsa utsi zinkagwira ntchito mokwanira. Ikabwerera pamsewu, zipangizozo zinkafooketsedwa, ndipo utsi woipawo unkatha kupitirira malire a lamulo mpaka nthawi 40. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse anali ndi malangizo amenewa, ndipo m'chaka cha 2017 inavomera mlandu m'khoti la ku United States. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chilolezo chinalipo, chidindo chinalipo, koma anthu okhala m'mbali mwa misewu anapuma utsi umene lamulo linaletsa.

Kufufuza kumene kunatsatira m'maiko a ku Ulaya kunasonyeza kuti magalimoto a dizilo a makampani enanso ambiri ankatulutsa utsi wopitirira malire akakhala pamsewu. Apa zinadziwika kuti vuto linali m'mayeso momwemo, ndipo kuti kutsitsa manambala kokha sikukanathandiza.

Mayeso atsopano

Ntchito yokonza ulendo wina woyesera inali itayamba kale ku Geneva. Akatswiri anasonkhanitsa mbiri ya kayendetsedwe ka magalimoto ku Ulaya, Japan, India, Korea ndi United States, ndipo m'chaka cha 2014 maiko anavomereza njira yatsopano yotchedwa WLTP. Ulendo wake ndi wa mphindi 30 ndi makilomita 23. Liwiro lake limafika makilomita 131 pa ola, kunyamuka kwake ndi kwamphamvu, ndipo nthawi yoima ndi yochepa. Maiko a European Union anayamba kuigwiritsa ntchito pa mitundu yatsopano mu Seputembala 2017, ndipo Japan inatsatira m'chaka cha 2018. M'chaka cha 2021 njirayi inakhala lamulo la nambala 154 pansi pa pangano la 1958.

Kusintha kwachiwiri ndiko kwakukulu koposa. Kuyambiranso mu Seputembala 2017, mtundu watsopano wa galimoto ku European Union uyenera kuyesedwanso pamsewu weniweni, utanyamula makina oyesera utsi kumbuyo kwake. Ulendowo umadutsa m'tauni, kumidzi ndi mumsewu waukulu, ndipo umatenga ola limodzi ndi theka kufikira maola awiri. Poyamba galimoto inkaloledwa kupitirira malire a m'chipinda nthawi 2.1, koma mpatawo wakhala ukuchepetsedwa. M'chaka cha 2023 bwalo la ku Geneva linavomereza mayeso a pamsewuwa kukhala lamulo la nambala 168, kuti maiko enanso athe kuwatsata. Malamulo atsopanowa amalolanso kuyesa magalimoto amene ayenda kale zaka zingapo m'manja mwa eni ake.

Ntchitoyi sinathere pomwepo. M'chaka cha 2024 European Union inavomereza muyezo wa Euro 7, umene kwa nthawi yoyamba ukuika malire pa fumbi lochokera ku mabuleki ndi pa kuperepeseka kwa matayala, pakuti nazonso zimalowa m'mapapo.

Galimoto ikafika ku Malawi

Magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya Malawi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka ochokera ku Japan, ndipo amafika kudzera m'madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Lipoti la nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe la m'chaka cha 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018, magalimoto ang'onoang'ono otere okwana 14 miliyoni anatumizidwa kuchokera ku Ulaya, Japan ndi United States. Mwa 100 alionse, 40 anapita ku Africa. Pa maiko 146 amene lipotilo linaunika, magawo awiri mwa atatu anali ndi malamulo ofooka pa magalimoto olowa m'dziko.

Apa mpamene mfundo ija yabwerera. Kusintha kwa ku Geneva kumakhudza magalimoto atsopano okha, tsono phindu lake limafika mochedwa ku maiko ogula akale. Galimoto ya zaka 15 inavomerezedwa pa malamulo a nthawi yake. Maiko ena achitapo kanthu. Kenya salola galimoto yopitirira zaka 8 kulowa m'dziko, ndipo m'chaka cha 2020 maiko a kumadzulo kwa Africa a m'bungwe la ECOWAS anagwirizana kuti magalimoto olowa azifika pa muyezo wa Euro 4.

Mafuta nawo ndi mbali ya nkhaniyi. Pa mpope wa ekizozi pamakhala kabokosi kachitsulo kotchedwa catalytic converter, kamene kamasandutsa mipweya yoipa kukhala yosaopsa kwambiri. Mtovu, umene kale unkathiridwa mu petulo, umapha kabokosika, komanso umawononga ubongo wa ana. Maiko a ku Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika kuchiyambi kwa 2006, ndipo Algeria, dziko lotsiriza pa dziko lonse, inasiya m'chaka cha 2021. Sulufule wa mu dizilo naye amachulukitsa mwaye ndi kuwononga zosefera utsi. M'chaka cha 2017 Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anayamba kugula dizilo wa sulufule wochepa.

Komabe chilolezo cha mtundu chimanena za galimoto pa tsiku limene inatuluka m'fakitale. Mwana sapita ku sikelo kamodzi kokha pa tsiku lobadwa. Amapimidwa mwezi ndi mwezi, chifukwa thanzi la dzulo silitsimikiza thanzi la lero. Galimoto nayo imakalamba. Injini ikatha, sefa ikatsekeka ndi fumbi, kapena kabokosi kaja kakachotsedwa ndi kugulitsidwa chifukwa cha zitsulo zamtengo wapatali zimene zili m'kati mwake, ntchito yonse ya ku Geneva imapita pachabe.

Zoyenera kuchita

Mwini galimoto ayenera kusintha oilo ndi masefa pa nthawi yake, ndipo asalole munthu kuchotsa kabokosi koyeretsa utsi. Apewe mafuta a m'zigubu, pakuti ena amasakanizidwa ndi palafini. Ayang'anenso mtundu wa utsi. Utsi wakuda usonyeza kuti mafuta sakupsa bwino. Utsi wobiriwira ngati mtambo usonyeza kuti injini ikutentha oilo. Utsi woyera wambiri umene sukutha injini itatentha ungasonyeze kuti madzi akulowa m'injini. Zonsezi zifuna makaniko.

Dalaivala azimitse injini pamene akudikira anthu pa depoti, pa sukulu kapena pa chipatala. Asalize injini m'galaja yotseka. Ekizozi yobooka ikonzedwe msanga, chifukwa utsi wake umalowa m'kati mwa minibasi ndi kumbuyo kwa lole kumene kwakhala anthu.

Okwera akayamba kumva mutu, nseru kapena tulo tachilendo onse pamodzi, atsegule mawindo ndi kupempha dalaivala kuti aime. Munthu amene wakomoka ndi utsi atulutsidwe panja pa mpweya wabwino ndi kutengeredwa kuchipatala mwamsanga, ngakhale atatsitsimuka panjira.

Ogulitsa malonda akhale chapatali ndi pamene magalimoto amaima injini zikulira. Ana aang'ono asakhazikidwe pansi m'mphepete mwa msewu, pakuti msinkhu wawo umalingana ndi potulukira utsi. Amayi apakati, okalamba ndi odwala mphumu kapena mtima asamale koposa.

Munthu amene wakhala akutsokomola kwa milungu iwiri asangoganiza kuti ndi utsi. Apite kuchipatala kuti akamuyese, chifukwa chingathe kukhala chifuwa chachikulu, chimene chimachizika munthu akamwa mankhwala mwandondomeko.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zoipa zitatu zimene zili mu utsi wa galimoto, ndi m'mene chilichonse chimavutitsira thupi.
2. Nchifukwa chiyani boma limayesa galimoto imodzi m'malo mwa zonse za mtundu umodzi?
3. Kodi mayeso akale a m'chipinda anali ndi kufooka kotani, ndipo mayeso a pamsewu anathandiza bwanji?
4. Nchifukwa chiyani kusintha kwa malamulo ku Geneva kumachedwa kuthandiza maiko ogula magalimoto akale?
5. Kodi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi ingagwirizane zotani ndi madalaivala amene amaima pa msika kapena pa chipatala?